Botolo Lodikira Fintan

Fremantle, Australia
4 Febuluwale 1962

Okondedwa achemwali a Dympna,

Muli bwanji kumeneko ku Ballinvarra? Bambo ali bwanji, nanga alamu a Phelim? Ife kuno tili bwino, kungoti dzuwa likutiwotcha ngati tinalilakwira.

Nkhani yabwino ndi yakuti Elspeth wachira, mwana wamwamuna, pa 20 Januwale. Tamutcha Malachy, dzina la Bambo. Ubatizo unachitika Lamulungu lapitali, koma mutu wa mwana sitinaunyowetsebe. Mukudziwa mwambo wa kwathu, mwana akabadwa amuna amakhala pansi n'kumwa kenakake kolongosoka. Vuto langa lili pamenepo.

Apongozi anga a Buchan akhala kuno zaka makumi atatu koma mtima wawo udakali ku Scotland. Anabwera ndi botolo la kwawo lija lonunkha utsi ngati nyumba yapsa, n'kuyamba kundiseka pamaso pa alendo. Akuti wisiki wa ku Ireland anafa kalekale, chimene chatsala n'chilembo chimodzi choonjezera, "e", chimene timaika polemba dzina lake m'Chingerezi. Ndinawauza kuti bambo anga anatcheza wisiki zaka makumi anayi, katatu osati kawiri ngati kwawo. Anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Nanga ali kuti wisikiyo, mkamwini? Wa pakamwa ife sitimwa."

Choncho chonde nditumizireni botolo lija lili pamwamba pa kabati ya mbale, limene Bambo analandira tsiku lotseka fakitale ya wisiki. Ndikudziwa zimene Mayi anandilembera nthawi ija, kuti Bambo ananena kuti lidzatsegulidwa tsiku limene ine ndidzaponde pakhomo. Koma papita zaka zisanu ndi zinayi, ntchito ya padoko sindingaisiye, ndipo ngati botololo ndi la ine, lingondipeza kumene ndiliko. Likulungeni m'juzi yakale muliike pa sitima.

Ndine mlongo wanu,
Fintan

*

Ballinvarra, Offaly
19 Febuluwale 1962

Iwe Fintan,

Kalata yako yafika. Tathokoza Mulungu chifukwa cha mwanayo, ndipo umpatse moni mlamu wanga Elspeth, amene wagwira ntchito yonse iwe uli kalikiliki kukangana za mowa.

Miyezi isanu ndi iwiri osalemba, ndipo utalemba, Bambo wawapatsa theka la mzere, botolo mizere khumi ndi inayi. Ndinachita kuwerenga ndi chala. Popeza wafunsa, ngakhale mongodutsa, Bambo sali bwino. Sakupitanso kumlatho kuja ankakaima masana kuyang'ana chumuni cha fakitale. Bedi lawo talitsitsira m'chipinda chochezera chifukwa masitepe awakanika. Adokotala a Considine akuti mtima watopa, ndipo sakulonjeza kuti Bambo aona balere akukololedwa chaka chino. Werenganso mzere umenewo kawiri.

Nditawauza dzina la mwana anati, "Mphuno yake ndi yotani?" Basi. Za apongozi akowo ndiye zinawadzutsa. Akuti uwauze kuti munthu wothira utsi m'chakumwa ali ndi chimene akubisa. Kenako ndinamvetsera ulaliki wonse uja tinakula nawo: kuti wathu amasakaniza chimera ndi balere wosamera, kuti wosamerayo ndiye amabweretsa kamafuta kokhala palilime ndi katsabola kumapeto, kuti mphika wachitatu safuna wotchi koma mphuno. Anayankhula mpaka mpweya kuwathera, ine n'kuyamba kuthamanga ndi mapilo.

Za botolo sindinawauze n'komwe, ndipo silipita kulikonse. Usandifunsenso. Limadikira munthu, silikwera sitima. Ukalifuna ukudziwa pamene lili, ndipo njira yobwera kuno ndi yomwe ija unapitira.

Komabe mwana sanalakwe. Ndikutumizira kabotolo kabuluu ka Mayi kaja ka madzi odalitsidwa, kamene anatenga kumalo oyera a ku Knock. Ndakapeza pamwamba pa kabati ya zovala ya Bambo, kali fumbi lokhalokha, kotsekedwa bwinobwino. Ndakaika pamodzi ndi zipewa ziwiri zimene ndaluka, ngakhale ndikumva kuti kumeneko mwana akhoza kupsa nazo. Ukufuna kunyowetsa mutu wa mwana, nyowetsa ndi amenewo, ampindulira kuposa zimene mukufuna kumwazo.

Phelim akupereka moni.

Mlongo wako,
Dympna

*

Fremantle
6 Malichi 1962

Achemwali,

Moni nonse. Ndamva za Bambo, koma mukumbukire kuti munalembanso chimodzimodzi mu 1957, ine n'kusala kudya sabata yathunthu, pomwe chinali chimfine. Ngati akutha kulalikira za balere mpaka mapilo kugwa, ndiye kuti mphamvu zilipo. Ndipo iwo eni ake sanandilembereko ngakhale chilembo chimodzi chichokereni. Munthu amene anandiuza pakhomo kuti, "Pita, m'nyumba muno mulibe malo a munthu wolosera imfa ya ntchito yanga," ali ndi dzanja, akhoza kugwira cholembera.

Koma tiyeni tikambe za botolo, chifukwa kalata yanu yandisiya ndi mafunso. Inu ndikukudziwani. Mukakana chinthu mumapereka zifukwa zisanu ndi ziwiri, china n'kubwereka kwa aneba. Apa mwangoti usandifunsenso. Bwanji simunawafunse Bambo? Mwina akanavomera atamva kuti ndi za mdzukulu wotchedwa dzina lawo.

Ndinene mosabisa. Alamu a Phelim ndinawasiya ali munthu amene sankadutsa pakhomo pa bala osalowa kukafunsa nthawi. Kusiya botolo lotero m'nyumba imodzi ndi iwo zaka zonsezi kuli ngati kuuza mphaka kuti alonde mkaka. Ngati analimwa, ingondiuzani, ndisamadzitame kwa apongozi ndi chinthu chimene chinapita kalekale. A Buchan tsopano akumandifunsa Lamulungu lililonse ngati sitima ya wisiki yafika, n'kumatsinzinira ana awo.

Madzi odalitsidwa ndithokoza akafika, ngakhale si zimene ndinapempha. Ndinapempha chakumwa cha bambo anga, mwanditumizira madzi.

Fintan

*

Ballinvarra
22 Malichi 1962

Fintan,

Sindiyamba ndi moni chifukwa ndilibe. Phelim analumbira pamaso pa ansembe chaka chimene unachoka kuti sadzamwanso, ndipo kabaji kake kali pajekete mpaka lero. Ndi iyeyo amene amanyamula bambo ako kuwaika m'bafa Loweruka lililonse. Kalata yako sindinamuonetse, ndinaiika pansi pa ketulo.

Wafuna choona, ndiye walira mvula walira matope. M'botolo muja muli tiyi.

Unalibe pa maliro a Mayi, choncho sukudziwa mmene kunalili. Unatumiza khadi. Kuno kunabwera amuna onse a kufakitale, opanga migolo, oyanika chimera, oyendetsa ngolo, ena kuchokera ku Tullamore pa njinga mvula ili pamsana. Wisiki amene tinagula anatha tisanamalize kupemphera korona. Ndinaima pakhomo la khichini ndikuona amuna makumi atatu atagwira matambula ouma, aliyense akuyang'ana pansi mwaulemu. Mkazi wa Malachy Mulvihill, munthu amene anamwetsa dera lonseli zaka makumi anayi, aperekezedwe ndi matambula ouma? Sindinaganize kawiri. Ndinakwera pampando, n'kutsitsa botolo, n'kuyamba kuthira. Ndinaitanidwa kukhichini, ndipo pobwerera ndinalipeza patebulo mulibe ngakhale dontho.

M'mawa mwake Bambo ali kwa ansembe ndinathiramo tiyi wozizira wopanda mkaka, n'kumata pakamwa pake ndi phula la kandulo. Papita zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Lachisanu lililonse ndimalipukuta fumbi, ndipo Bambo amaliyang'ana kuchokera pabedi pawo tsiku lililonse ngati akuyang'ana msewu. Ndakhala ndikupemphera kuti ubwere, n'kumapempheranso kuti usabwere, chifukwa tsiku lobwera iwe ndi tsiku lotsegula. Kupita kokalapa ndapita, koma ansembe anaseka, zimene sizinandithandize.

Tsopano ukudziwa. Apongozi akowo uwauze chilichonse chimene ukufuna, ine sindikuwadziwa ndipo sindiwasowa. Koma ukangowalembera Bambo za tiyiyu, usadzanditchulenso mlongo wako. Munthuyo watsala ndi zinthu ziwiri zokha, mphuno yake ndi botolo limenelo.

Ndipo ichi si chimfine. Miyendo yatupa.

Dympna

*

Fremantle
13 Epulo 1962

Achemwali anga,

Moni, ndipo choyamba mundipepesere kwa alamu a Phelim ngakhale sanaone zimene ndinalemba. Kalata yanu ndinaiwerenga nditaima padoko, ndipo manyazi anandigwira moti ndinachedwa kuyankha. Ndikanachedwabe, koma dzulo kwachitika zimene mutu wanga ukukanika kumvetsa.

Katundu wanu wafika. Elspeth anakulira kwa Apulesibateriya, za madzi odalitsidwa sazidziwa, ndipo ine ndinaiwala kumuuza kuti timangonyowetsa nsonga ya chala. Pofuna kukulemekezani, anatsegula kabotolo ka Mayi pamaso pa makolo ake, n'kuthira m'dzanja ngati mafuta odzola, n'kupaka mwana pamutu ponse. Mwana analira. Elspeth anati, "Fintan, madzi a Akatolika amakhala ofiirira chonchi?"

Ndisanayankhe fungo linali litandipeza kale. Achemwali, linali fungo la malaya a Bambo akamabwera ku ntchito madzulo, lija tinkalimbirana kupachika pamsomali. Apulo wakupsa, mphesa zouma, thabwa la mgolo, ndi katsabola kaja kumapeto. Ndinakhala pansi.

A Buchan ananyamula mdzukulu wawo, n'kumununkhiza pamutu. Anamununkhizanso kachiwiri. Kenako anati, "Mkamwini, anapanga ichi ndani?" Ndinati bambo anga. Sanasekenso, anangofunsa ngati angalaweko. Ndinakana, n'kutseka msanga. Mwatsala pafupifupi matoti atatu.

Ndiye ndithandizeni. M'botolo la wisiki muli tiyi, m'botolo la madzi odalitsidwa muli wisiki. Kodi m'nyumba imeneyo muli chinthu chimene chili m'malo mwake? Mwachita dala kapena simukudziwa? Mutu wa mwana wanyowa ndithu, koma osati mmene ndinkaganizira.

Mlongo wanu,
Fintan

*

Ballinvarra
11 Epulo 1962

Fintan,

Ndine bambo ako. Zilembo n'zokhotakhota, uwerenge modekha.

Dzulo ndinatuma Phelim kuti akanditengere kabotolo kabuluu ka mayi ako pamwamba pa kabati. Anabwerera chimanjamanja. Mlongo wako akuti anakatumiza kwa iwe, pa sitima, osandifunsa. M'nyumba muno munthu akangodwala katundu wake amayamba kuyenda yekha.

Muli wisiki wanga mmenemo. Tsiku la maliro ndinali chikhalire pambali pa bokosi la mayi ako pamene fungo linandipeza kuchokera kuchipinda china. Mphika wachitatu, chaka cha 1946, mgolo umene munali vinyo wa ku Spain. Ndinadula ndekha mutu ndi mchira wake, zoyamba ndi zomaliza kutuluka mumphika, ndingaiwale bwanji? Sindinakwiye. Mayi ako anayenera zabwino koposa, ndipo mtsikanayo anachita zimene ine ndinalibe mphamvu yochita. Atalowa kukhichini ndinatenga zotsalazo n'kuthira m'kabotolo kabuluu. Madzi odalitsidwawo ndinawathira m'manja mwa mayi ako.

Za tiyi ndinadziwa tsiku lomwelo. Tiyi amachita mitambo pansi, ndipo phula la kandulo ya kutchalitchi ndi loyera, lathu linali lofiira. Ndinakhala chete chifukwa ntchito ya botolo lija sinali kumwedwa, inali kukudikira, ndipo tiyi amadikira bwinobwino ngati wisiki. Ndinkati ukadzabwera tidzatsitsa la tiyilo, mlongo wako afe ndi mantha pang'ono, kenako nditulutse kabuluu. Dzulo ndamuuza zonsezi. Sakundiyankhula, akungomenyetsa mapoto.

Mu 1953 unanena kuti fakitale ikufa. Unanena zoona, n'chifukwa chake ndinakuthamangitsa. Ukananama ndikanangoseka.

Tsopano zimene unkafuna uli nazo, ndipo ine ndilibenso chokukokera kuno. Imwa konko ndi apongozi ako. Usathire madzi oundana. Dontho limodzi la madzi wamba, udikire pang'ono, uyambe ndi mphuno. Choyamba upake pang'ono m'manja, upukuse, ununkhize, udzamva balere. Sindikuitananso, ulendo ndi wautali ndipo uli ndi banja.

Umpsompsone mwanayo.

M. Mulvihill

*

Fremantle
26 Epulo 1962

Bambo,

Kalata yanu yafika, inasemphana ndi yanga panjira. Sindinamwe. Ndamata pakamwa pa kabotolo kabuluu ndi phula lofiira, a Buchan ndiwo anakandigulira.

Munanena kuti botolo lija lidzatsegulidwa tsiku limene ndidzaponde pakhomo. Kabuluuka Elspeth anakatsegula kale mosadziwa, koma iye si wa m'pangano limenelo. Sitima inyamuka pa 5 Meyi, ndifika sabata yachiwiri ya Juni. Elspeth ndi mwana atsala, mwana ngwamng'ono pa ulendo wa panyanja. Mphuno yake ndi yanu, yaikulu kuposa nkhope.

Mundidikire. Mwadikira zaka zisanu ndi zinayi, masabata asanu ndi limodzi sangakukanikeni.

Mwana wanu,
Fintan

*

Ballinvarra
1 Julayi 1962

Okondedwa alamu a Elspeth,

Muli bwanji, nanga kamnyamatako? Sitinaonanepo, koma ndalemba ine chifukwa amuna anu akagwira cholembera amangoyang'ana pepala. Telegalamu munalandira, mukudziwa kuti Bambo anatisiya pa 21 Juni. Ndikufuna mudziwe zimene zinachitika asanapite.

Fintan anafika pa 9 Juni masana, atapsa ndi dzuwa, atakumbatira kabotolo m'thumba la jekete ngati dzira. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndimulandire nawo, ena osayenera kulembedwa, koma nditamuona pageti onse anathawa. Analowa n'kuima kumiyendo kwa bedi. Bambo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Wanenepa," anatero.

"Inu mwaonda, Bambo."

"Ndikudya zophika mlongo wako. Kali kuti?"

Mwaona, alamu, zaka zisanu ndi zinayi osaonana, moni wake ndi ameneyo. Ndinatulutsa matambula atatu, ndi lachinayi la Phelim la mkaka. Bambo anadontheza pang'ono m'manja, n'kupukusa, n'kuphimba mphuno atatseka maso. Tinadikira ngati tili m'khoti.

"Unakasiya padzuwa," anatero.

"Kanadutsa kotentha pakati pa dziko kawiri, Bambo, popita ndi pobwera."

"Ndipo wina anakathira pamutu pa mwana."

"Anali mpongozi wanu, sanadziwe."

"Mkazi wanzeru. Mwanayo ndi Mulvihill yekhayo amene wayamba ndi zabwino."

Anathira dontho la madzi m'tambula lililonse ndi dzanja lawo, ngakhale theka linagwera pabulangete. Ine si wakumwa, koma ndinalawa, ndipo ndivomere kuti ulaliki wonse uja sunali bodza: kanakhala palilime ngati mafuta, kenako katsabola kanabwera pambuyo. Bambo sanamwe lawo. Anangonyowetsa milomo, n'kukankhira tambula kwa Fintan, n'kugwira dzanja lake. Sanalisiye mpaka tiyi wa madzulo, ndipo mlongo wangayo, bambo wa mwana, analira ngati mwana wa sukulu. Inenso ndinalira, koma kukhichini.

Anakhala masiku khumi ndi awiri akukangana za balere, za mpira, za chilichonse. Sindinawaonepo Bambo akusangalala chotero chimwalirireni Mayi. Pa maliro wisiki anakwanira, ndinaonetsetsa.

Tsopano imvani zimene andisiyira. Kutatsala masiku awiri kuti atisiye ndinakwera pampando kuti nditsitse botolo la tiyi lija ndikalitaye, popeza bodza linali litatha ntchito. Bambo anatsegula diso limodzi.

"Ukutani, mtsikana iwe?"

"Ndikukataya, Bambo. Ndi tiyi wa zaka pafupifupi zitatu, wachita ndere."

"Libwezere. Limenelo lidzatsegulidwa tsiku limene Malachy wamng'ono adzaponde pakhomo."

Ndinawauza kuti mwanayo ali ndi miyezi isanu, ali kutsidya kwa dziko, ndipo palibe munthu angamwe zimenezo n'kukhala moyo. Anati, "Ndani wanena zomwa?" n'kutseka diso.

Ndiye lili pomwepo, alamu, pamwamba pa kabati, ndipo dzana Lachisanu ndalipukutanso fumbi, mkazi wa zaka makumi anayi ndi zinayi kupukuta botolo la tiyi chifukwa munthu wakufa analamula. Fintan anyamuka pa 14 kubwerera kwa inu, kabotolo kabuluu ali nako, kopanda kanthu koma fungo lilimo. Mwanayo muzimununkhizako. Ndipo chonde bwerani naye ndidakali ndi mawondo okwerera pampando.

Ndine mlamu wanu,
Dympna